Mphesa Zothamangitsana ndi Mvula

Kumayambiriro kwa chaka cha 1856, David Livingstone ankatsika ndi mtsinje wa Zambezi kuchokera ku Zumbo kupita ku Tete, kumene anafika mu Malichi. Linali dzinja, thengo litawirira, ndipo chimodzi mwa zimene analemba m'buku lake la 1857 ndi kuchuluka kwa mipesa yakutchire m'mbali mwa mtsinjewo. Ina inali ya masamba obulungira ndi zipatso zobiriwira, ina ya zipatso zakuda. Njere zake zinali zikuluzikulu, zomanga lilime, komabe eni dziko ankadya, ndipo Mpwitikizi wina anamulawitsa viniga wa mphesa zomwezo. M'chigwa chimenecho lero munadzaza madzi a nyanja ya Cahora Bassa, imene damu lake linatha kumangidwa mu 1974, ndipo mbali ina ya gombe lake la kumpoto ndiyo malire a kummwera a boma la Marávia.

Mipesa yakutchireyo ikadalipo. Yambiri ndi ya gulu limene akatswiri a zomera amalitcha Ampelocissus. Chilimwe chonse imakhala itauma, moyo utabisala m'mizu yonenepa pansi pa nthaka. Mvula ikangogunda imaphuka, kuyanga m'mitengo, n'kubereka dzinja lisanathe. Mpesa wam'munda, Vitis vinifera, umene mphesa zake zimagulitsidwa m'timabokosi ta pulasitiki m'masitolo akuluakulu a ku Tete, Chipata ndi Lilongwe, uli ndi khalidwe lina. Kwawo ndi kumadzulo kwa Asia ndi m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kumene mvula imagwa m'nyengo yozizira ndipo zipatso zimapsa kumwamba kuli mbee. Kuno kutentha ndi mvula zimabwerera limodzi. Nkhani yonse ya mitundu yofulumira kupsa yagona pamenepa.

Marávia ali kumpoto chakumadzulo kwa chigawo cha Tete. Kumpoto kwake ndi Zambia, kumadzulo ndi boma la Zumbo, kummawa ndi Chifunde, ndipo likulu lake ndi Fingoé. Ndi dziko la Achewa ndi Ansenga, la chimanga, mtedza, nyemba ndi fodya, kunyanja kuli usodzi. Mvula imayamba mu Novembala n'kuleka chakumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo. Zipatso za kuno zinagawana chaka kalekale: malambe ndi masau m'chisanu kulowa m'chilimwe, masuku ndi mango mitambo ikayamba kusonkhana mpaka dzinja litakhazikika. Mpesa wam'munda ungapeze malo m'miyezi 6 kapena 7 youma yokha, kuyambira Epulo mpaka Okutobala. M'kanthawi kameneka uyenera kuphuka, kuchita maluwa, kumanga zipatso ndi kuzipsetsa.

Nanga bwanji osangothyola zosapsa n'kuvundika? Masuku amalola zimenezo. Ana amagwetsa aawisi, kuwakwirira pansi kapena kuwamanga m'thumba, pakapita masiku angapo apeza afewa. Mango ndi nthochi n'chimodzimodzi. Mphesa zimakana. Shuga wake yense amapangidwa m'masamba n'kumalowa m'chipatso tsiku ndi tsiku phava likadali pamtengo, ndipo ukangolidula, kutsekemera kwaimira pomwepo. Phava lothyoledwa lowawasa lidzakhala lowawasa mpaka kufota.

N'chifukwa chake alimi a mphesa sayendera maso okha. Kapitawo wa munda amayenda ndi kachipangizo kolowa m'thumba la malaya kotchedwa refractometer. Amathyola chipatso kunsi kwa phava, china pakati, china pamwamba, kufinyira dontho pa kagalasi, kutseka kachivundikiro, n'kusuzumira atalozetsa kudzuwa. M'katimo mumaoneka mzere wolekanitsa powala ndi pakuda, ndipo nambala imene mzerewo waima ndiwo mlingo wa shuga, umene amautcha Brix. Muyezo wa malonda a pakati pa mayiko wa Codex umati mphesa zakudya zifike 16. Umalola zotsikirapo, mpaka 12.5, pokhapokha asidi atachepa mokwanira: shuga apose asidi ka 20 ngati Brix ili pakati pa 12.5 ndi 14, kapena ka 18 ngati ili pakati pa 14 ndi 16. Chilolezo chimenechi n'chimene mitundu yambiri yofulumira imalowera pamsika. Siimafika patali ndi shuga, koma asidi wake amatsika msanga, ndiye pakamwa imamveka yakupsa.

Mvula ikapeza mphesa zitatsala pang'ono kupsa, imawononga m'masiku ochepa zimene mlimi wasamala miyezi. Chipatso chodzaza shuga chimamwa madzi, khungu silikwanitsa kutamuka, n'kung'aluka, makamaka pafupi ndi kaphesi kapena kunsonga. Madzi otsekemera akayamba kukha, njuchi, mavu ndi tintchentche zafika, ndipo posachedwa munda wonse ukununkha viniga. Masamba nawo amagwidwa ndi matenda a downy mildew: pamwamba mawanga achikasu onga podontha mafuta, kunsi chuku choyera. Matendawa anafika ku France mu 1878 kuchokera ku America, ndipo mankhwala a kopa ndi laimu amene Pierre Millardet analengeza mu 1885, otchedwa Bordeaux mixture, akugwirabe ntchito mpaka lero. Koma kupopera mlungu uliwonse dzinja lonse si ntchito ya munthu wa thumba loperewera.

Mtundu wakale pa yofulumira yopanda njere ndi Perlette, umene Harold Olmo wa ku yunivesite ya California ku Davis anatulutsa mu 1946. Zipatso zake ndi zazing'ono, zobulungira, zobiriwira motuwirako, kukoma kwake kosatenga mtima. Unatchuka m'chipululu cha Coachella chifukwa unkatsegula msika mu Meyi anzake onse asanayambe. Vuto lake ndi kuthithikana. Phava limadzaza mpaka zipatso kuphwanyana zokha, ndiye antchito amayenera kupatulira ndi manja phava lililonse zikadali zazing'ono. Ku California unagonja kwa mitundu yatsopano, koma ku Punjab, ku India ndi ku Pakistan, unakhazikika pa chifukwa chimene mlimi wa ku Fingoé angachimvetse msanga: umapsa mu Juni, mvula yamkuntho ya kumeneko isanafike.

Cardinal ndi wa m'badwo womwewo. Anamukwatitsa ku Fresno mu 1939 akatswiri a boma la America, Snyder ndi Harmon. Ndi wofiira, wa zipatso zikuluzikulu, wa njere, ndipo anafala kwambiri ku Spain, Italy ndi kumpoto kwa Africa. Madzi akangomukhudza atayamba kupsa, amang'aluka.

Flame Seedless, amene anatuluka ku Fresno komweko mu 1973, ndiye anasintha zimene ogula amayembekezera. Chipatso chake ndi chofiira, chobulungira, chopanda njere, ndipo ukachiluma chimathetheka m'mano m'malo mophwanyika. Shuga ndi asidi zimakumana bwino, kotero kuti pa mitundu yofulumira yonse ambiri amati wokoma ndi ameneyu. Amabereka mosaumira. Koma ali ndi zilema ziwiri, ndipo zonse zikukhudza Marávia. Choyamba ndi mtundu. Kufiira kwa khungu la mphesa kumachokera ku zinthu zotchedwa anthocyanin, zimene zimapangika bwino usiku ukamazizira ndipo zimalephereka kutentha kukapitirira madigiri 30 mpaka 35 kwa masiku ambiri. Pamalo otentha usana ndi usiku, Flame amatsekemera ndithu koma amakhala wotuwa, mbali ina yofiirira, mbali ina yobiriwira, ndipo wogula amamudutsa poganiza kuti ndi wosapsa. Chachiwiri ndi kaphesi kake kowonda. Phava likangotaya madzi pang'ono pokha, pafupifupi magawo 2 pa 100 a kulemera kwake, kaphesi kayamba kuuma ndi kuda, zipatso zikadali zabwinobwino. Pamsika anthu amayang'ana kaphesi kuti adziwe ngati mphesa ndi zatsopano.

Sugraone, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la malonda la Superior Seedless, anachokera kwa John Garabedian wa ku California ndipo analembetsedwa mu 1972. Ndi wobiriwira, wa zipatso zazikulu zotalikirako, khungu lolimba, mnofu wothetheka. Amapsa masabata awiri kapena atatu patsogolo pa Thompson Seedless. Pamaso ndi wokongola kuposa onse, ndipo paulendo amapirira kuposa Perlette ndi Flame. Pakamwa ndiye pali nkhani. Akathyoledwa atangokwana muyezo amangomveka madzi ozuna pang'ono, opanda fungo, ndipo wogula amene wakhumudwa ndi mphesa zoyamba za chaka nthawi zambiri amakhala wakumana ndi zoterezi, zothyoledwa mothamangira mtengo. Kumadera otentha ali ndi khalidwe linanso losowetsa mtendere: maso ake ambiri amaphuka nthambi zopanda maluwa, ndiye chaka china abereka, china angokupatsa masamba. Alimi a ku Brazil, amene amamutcha Festival, anavutika naye pa zimenezi komanso pa kung'aluka.

Otsegula nyengo masiku ano kummwera kwa Africa ndi awiri ochokera ku Israel: Prime, wa ku malo ofufuzira za ulimi a Volcani, ndi Early Sweet. Onse ndi obiriwira, opanda njere, a kafungo ka muscat kapatalipatali, ndipo amapsa patsogolo pa Sugraone. Safuna usiku wozizira, popeza palibe kufiira kodikira.

Yochedwa ingotchulidwa poyerekeza. Thompson Seedless, amene dzina lake lakale ndi Sultana, ali pakatikati, ndipo akamusiya Brix ifike 18 kapena 20 amakoma kuposa wofulumira aliyense. Red Globe wa Olmo, wa zipatso zazikulu za njere, ndi Crimson Seedless wa 1989 amabwera kumapeto. Amenewa ndiwo amakhala masabata ambiri m'chipinda chozizira osasintha nkhope. Masiku owonjezera pamtengo amawapatsa shuga, khungu lokhwima ndi kaphesi kolimba. Wofulumira amagulitsa kufika msanga, ndipo amalipira ndi zina zonsezo.

Kusiyana kwake m'masiku n'kotani? Malo abwino oonerapo ndi chigwa cha São Francisco ku Brazil, kuzungulira mizinda ya Petrolina ndi Juazeiro, kumene kumatentha chaka chonse ndipo mipesa imathiriridwa ndi madzi a mtsinje. Kumeneko Sugraone amatenga masiku osakwana 100 kuchokera tsiku lodulira kufika tsiku lokolola, Thompson amapitirirako pang'ono, pamene Crimson ndi mtundu wina wotchedwa Italia amafuna pafupifupi 120. Komatu nambala zimenezi munthu sangazinyamule n'kukazitula pa Fingoé. Mpesa suwerenga masiku, umawerenga kutentha. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 10 umaima, ndipo mtundu womwewo umene watenga miyezi 3 kuchigwa ungatenge 4 kapena kuposa kumtunda. Chimene sichisintha ndi mndandanda: Prime patsogolo, Flame ndi Sugraone pambuyo pake, Thompson pakati, Crimson kumchira.

Ku South Africa, kumene mphesa zambiri za m'masitolo a kuno zimachokera, mndandandawu umaoneka pa mapu. Nyengo imayambira ku Limpopo, m'madera a Groblersdal, Marble Hall ndi Lephalale, chakumayambiriro kwa Novembala. Kenaka ibwera Orange River, kuzungulira Upington ndi Kakamas, pamodzi ndi Aussenkehr tsidya la Namibia. Imatsirizira ku Hex River, ku De Doorns, mu Epulo. Dzikolo limatumiza kunja makatoni a makilogalamu 4.5 oposa 60 miliyoni pachaka. Limpopo ndiye wofanana ndi kuno, popeza mvula yake imagwa nthawi yotentha. Alimi a kumeneko amadzala kwambiri mitundu yofulumira, ndipo minda yambiri anaiphimba ndi maukonde oteteza matalala ndi mapulasitiki otchinga mvula.

Mayiko otentha anapeza njira ina: kusuntha nyengo ndi mpeni. Kumene kulibe chisanu chogonetsa mpesa, mlimi ndiye amaugonetsa. Amaumana madzi, amayoyola masamba, amadulira, kenaka amapaka m'maso mwake mankhwala a hydrogen cyanamide, odziwika ndi dzina la Dormex, kuti maso onse aphukire limodzi. Mankhwalawa ndi oopsa, ndipo wowagwira amaletsedwa kulawa mowa masiku amenewo, chifukwa akakumana ndi mowa m'thupi amadwalitsa koopsa. Ku Nashik, ku India, amadulira kawiri: mu Epulo kuti mtengo umange nthambi, mu Okutobala mvula itatha kuti ubereke, n'kukolola kuyambira Febuluwale kukadali kouma. Ku Dodoma, ku Tanzania, kumene mphesa zinabwera ndi amishonale ndipo kuli malo ofufuzira a Makutupora, amakolola kawiri pachaka, cha mu Malichi ndi cha mu Ogasiti ndi Sepitembala. Zokolola za m'chilimwe ndizo zotsekemera.

Kalendala ya Nashik itatembenuzidwa ndiyo ingagwire ku Marávia: kudulira komanga nthambi mvula ikamayamba, kudulira kobereketsa mvula itatha. Koma Marávia si malo amodzi. Gombe la nyanja lili pamalo okwera mamita opitirira 300 pang'ono kuchokera pa nyanja yamchere, pamene kumtunda, kulowera kumalire a Zambia, kuli malo opitirira mamita 1,000. Awiriwa akufuna mphesa zosiyana.

Kugombe masiku si vuto. Chisanu cha kumeneko n'chofunda, madzi ali pafupi, ndipo mpesa wodulidwa mu Meyi ungapsetse ngakhale mtundu wochedwa mvula isanaganize zobwera. Mdani ndi dzuwa la Okutobala, limene m'chigwa cha Zambezi limapitirira madigiri 40, kuwaula zipatso ndi kuzimana mtundu. Kufulumira kumeneko n'kothawa dzuwa, ndipo obiriwira monga Prime ndi Sugraone ali ndi mwayi kuposa Flame. Kumtunda zinthu zatembenuka. Usiku wozizira ungamupatse Flame kufiira kwake konse. Koma Juni ndi Julayi amachedwetsa chilichonse, maluwa otuluka pakati pa chisanu samanga bwino zipatso, ndipo m'madambo chisanu chimatha kuwaula mphukira. Wodikira kuti chisanu chipepuke n'kudulira mu Julayi adzapeza wofulumira akupsa chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, chizimalupsa atagwa kale, mvula yeniyeni ili pakhomo. Crimson kapena Red Globe wodulidwa tsiku lomwelo adzapsera pakati pa dzinja. Kumtunda masabata atatu a kusiyana aja ndiwo amagamula ngati pakhala zokolola.

Pali njira yachitatu, yosathawa mvula koma kuipirira. Mitundu ya magazi a mipesa ya ku America, monga Isabel ndi Niagara Rosada, imalimba ku matenda a masamba. Niagara Rosada anapezeka mwangozi mu 1933 kufupi ndi Jundiaí, m'chigawo cha São Paulo, pamene mtengo wa Niagara woyera unabereka phava lofiirira. Ali ndi njere, mnofu wake ndi woterera ndipo umavuka m'khungu ukaufinya, fungo lake ndi lamphamvu. Sitolo ya ku Ulaya singamulandire, koma Abrazil amamukonda, ndipo amalimidwa ndi mabanja a minda yaing'ono. Mu 2012 bungwe la Embrapa linatulutsa BRS Vitória, wakuda, wopanda njere, wopirira downy mildew ndi mvula, amene anafala msanga ku São Francisco. Kwa mpesa wa pakhomo, woyanga pa chisakasa kuti ana azidya, mitundu yotereyi ndi yanzeru kuposa Prime. Pali ndi nkhani ya umwini: Prime ndi Early Sweet ndi mitundu ya eni ake, yodzalidwa ndi chilolezo ndi malipiro, pamene Flame, Perlette, Cardinal, Thompson ndi Crimson aliyense angadzale.

Luso la manja si lachilendo kwa mlimi wa fodya. Amene amadziwa kudula nsonga, kuchotsa mphukira zolanda chakudya, kusankha tsamba ndi tsamba potengera maonekedwe, sangavutike kuphunzira kupatulira phava. Zovuta ndi zina. Mpesa umafuna madzi chilimwe chonse koma umadana ndi nthaka ya lowe, ndiye dimba la m'dambo silimuyenera. Mitengo ya chisakasa chiswe chimadya. Mbalame zimadziwa tsiku limene shuga wakwana mlimi asanadziwe, ndipo mphesa zoyamba kupsa m'dera lonse ndizo zimaona zakuda. Zokolola zenizeni zimayamba m'chaka chachiwiri kapena chachitatu.

Msika wokha ulipo. Mu Sepitembala ndi Okutobala mphesa za ku South Africa zimakhala zitatha kale, zatsopano zisanayambe, ndipo zopezeka m'masitolo zimachokera kumpoto kwa dziko lapansi, kumayiko ngati Spain, pa mtengo wokwera. Amenewo ndiwo miyezi imene mpesa wa kugombe la Cahora Bassa ungabereke. Chotchinga ndi msewu. Kuchoka ku Fingoé galimoto imayenda mtunda wautali isanafike pa Bene kulowa mumsewu wa Tete ndi Cassacatiza. Mphesa zotumizidwa kutali zimaziziritsidwa m'maola ochepa zitathyoledwa, zimasungidwa pafupi ndi madigiri 0, ndipo m'katoni amaikamo kapepala kotulutsa mpweya wa salufa wopha chuku. Popanda zimenezi, Flame wothyoledwa m'mawa wa Okutobala n'kukwezedwa pa lole amafika ku Tete kaphesi kali bii, zipatso zikuyoyoka. Sugraone angafike bwinoko. Red Globe angafike osadandaula, koma ndiye wochedwa uja.

Chotsala ndi kuumitsa, ntchito imene anthu a m'chigwa cha Zambezi amaidziwa kale ndi masau. Ku Upington mphesa zambiri za Sultana sizipita m'chipinda chozizira. Amazisiya pamtengo mpaka shuga apitirire 20, kuziyanika padzuwa masabata awiri kapena atatu, ndipo makilogalamu pafupifupi 4 a zaziwisi amatulutsa kilogalamu imodzi ya zouma, zolowa m'thumba n'kuyenda msewu uliwonse. Pa ntchito imeneyi Thompson ndi Flame onse amachita bwino, pamene Sugraone wa shuga wochepa ndi Cardinal wa njere sapindula. Ku Marávia mphesa zoumitsa ziyenera kukhala zitathyoledwa pofika kumayambiriro kwa Okutobala, kuti masabata atatu a kuyanika athe mitambo ya Novembala isanafike.